Za funso langa lija la kuyeserera dzanja m'maganizo

Ndinafunsa ngati kungoganizira kuti dzanja likugwira ntchito kungawathandize bambo anga, omwe sitiroko inawafoola dzanja lamanja. Zikomo nonse amene munayankha.

Dokotala wa mafizo anati tiyese, koma tisasiye kulimbitsa dzanja lenilenilo. Ndiye bambo amakhala phee, n'kutsinzina, n'kumadzimva akutsina batani ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, akulikankhira pabowo pang'onopang'ono. Chachikulu n'choti azimva kuti zalazo ndi zawo, osati kudzionera patali ngati munthu wina. Akatero amayesadi pamalaya. Panopa mabatani akuluakulu akumanga okha, ndipo ndasangalala kwambiri. Ang'onoang'ono akumkono akuvutabe.

Si zamatsenga ayi. Munthu akamaganizira kusuntha chala, mbali zambiri za ubongo zokonza kusunthako zimagwira ntchito. Mu 1995, katswiri wa za ubongo Alvaro Pascual-Leone ndi anzake anapeza kuti oyeserera piyano m'maganizo kwa masiku 5 ubongo wawo unasintha mofanana ndi wa oyeserera ndi zala pa piyano yeniyeni, ngakhale kuti oyeserera ndi zalawo ankawaposa luso.

Bambo akatopa timaleka, chifukwa maganizo amabalalika ndipo chithunzi cha batanicho chimasowa.