Laputopu yakanirira pa "Undoing changes", ndivomere kufomata?

Wofunsa, Nchalo: Abale a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi HP ya kaunjika, Core i5, yomwe inabwera ndi Windows 10. Poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mnyamata wina wokonza mafoni anati andiikire 11 pamwamba pake, mafayilo sakhudzidwa. Itadutsa theka, magetsi anathima. Batire yake inafa kalekale, ndiye nayo inazimira pomwepo. Pano ndikaiyatsa ikungolemba "Undoing changes made to your computer", timadontho kuzungulirazungulira, kenako kuzima n'kuyambiranso. Fani ikulira ngati chigayo, kunsi kwake kukuotcha, dzuwa la kuno mukulidziwa. Za Windows sindikudandaula nazo. Chandisowetsa tulo ndi ma Excel a banki m'khonde yathu, ali momwemo ndipo tikugawana mwezi wamawa. Mnyamatayo akuti tingofomata.

Wa ku Ngabu: Mayi, musalole. Mafayilo akadalipo, yasokonekera ndi Windows yokha, ndiye yambani mwawatulutsa. Pezani fulashi ya 8GB yoikira Windows. Poyatsa muzidina F9, musankhe fulashiyo. Pakabwera tsamba losankha chilankhulo musapitirire, dinani Shift ndi F10 limodzi. Pa bokosi lakudalo lembani notepad, kenako File, Open, musankhe All Files. Muona ma drive onse, ndipo mukhoza kukopera ku fulashi ina. Musadabwe C itasanduka D kapena E. Yang'anani mu Users, mukapanda kupeza onaninso mu Windows.old.

Wa ku Chikwawa boma: Kufomata ndiye kwachangu amayi, mphindi zochepa zatheka.

Wa ku Ngabu: Achimwene, mukawafotokozera ndinu azimayi a gululo tsiku logawana?

Wa ku Bangula: Mukakopera, yesani ichi. Chizindikiro cha HP chikangooneka, gwirani batani loyatsira mpaka izime. Chitani katatu, ilowa Automatic Repair. Pitani Troubleshoot, Advanced options, Uninstall Updates, musankhe feature update. Nthawi zina imabwerera ku 10, koma poti inazimira pakati, musadalire kwambiri. Chitani m'mamawa kusanatenthe, muikhazike pa zitsekero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa kunsi, osati pa matiresi. Mupeze pa sola kapena invetala, isazimenso pakati. Ikakufunsani kiyi ya BitLocker, loko wotsekera mafayilo, ndi manambala 48, nthawi zambiri amakhala mu akaunti ya Microsoft.

Wa ku Nsanje: Kodi purosesa yake ya i5 ndi iti? Dinani F10 poyatsa, tsamba la BIOS, loonetsa zamkati mwa makina, likuuzani.

Wofunsa: Yalemba i5-6300U.

Wa ku Nsanje: Imeneyo ndi 6th generation. Windows 11 imafuna kuyambira 8th, kuphatikizapo kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Ndiye mnyamata wanuyo anaikakamiza mozembetsa. Imatha kuyenda, koma Microsoft silonjeza kuti izilandira ma update. Ine ndikanabwezera 10 kaye mpaka mugawane, za Linux Mint, yolowa m'malo mwa Windows, kapena makina ena muganize pambuyo. Ndipo batire mugule, apo ayi zichitikanso.

Wofunsa: Zikomo nonse. Fulashi ndabwereka kwa aphunzitsi ena, njira ya notepad yatheka, ma Excel ndawapeza mu D ndipo atseguka pa kompyuta yawo. Uninstall Updates yakana, ikuti pali vuto. Batire ya mtundu umenewu ingapezeke ku Nchalo konkuno, kapena mpaka ndikwere Thabwa kupita ku Blantyre? Mtengo wake ukumakhala bwanji?