Ndi mayeso ati oyenera kuyenda munthu akamaika module ya Perl?

Akuluakulu odziwa Perl, ndithandizeni nzeru. Ndalemba module yaing'ono yowerenga mafailo a CSV n'kutsanulira zomwe zilimo mu database ya PostgreSQL, ndipo ndikufuna kuiika pa CPAN, nkhokwe ya pa intaneti ya ma module a Perl. Vuto langa lili pa mayeso.

Munthu akaika module ndi cpanm (pulogalamu yoikira ma module a pa CPAN), mayeso onse a mu foda ya t/ amayenda. Mayeso oona POD (zolemba zofotokoza module) ndi kalembedwe ndinawasamutsira kale ku xt/, foda ya mayeso osayenda poika, pamenepo palibe chovuta. Koma mayeso atatu otsala mu t/ amafuna database yoyaka. Dzulo mnzanga anayesa pa laputopu yake yomwe ilibe PostgreSQL, zinakanika pa fayilo yachiwiri, mpaka anangolemba --notest (kudumpha mayeso onse) kuti zidutse. Zinandiwawa, chifukwa apo sanayese chilichonse, ngakhale zija zosavuta.

Ndawerenga zomwe akatswiri a Perl anagwirizana ku Lancaster, ku England, mu 2013, zoti mayeso otenga nthawi kapena ofuna zambiri aziyenda pokhapokha variable ya EXTENDED_TESTING itayatsidwa. Ndiye mayeso atatu aja ndiwasiye mu t/ n'kuika skip_all (lamulo lodumpha fayilo yonse ya mayeso) pamene palibe database? Mantha anga ndi akuti makina a CPAN Testers (anthu odzipereka oyesa ma module a pa CPAN) azingonena PASS chonsecho mbali yofunika kwambiri sanaikhudze n'komwe.

Ndinaganizanso zogwiritsa ntchito DBD::SQLite (database yaing'ono yosafuna seva) poyesa, koma module yanga imadalira lamulo la COPY la PostgreSQL lomwe SQLite ilibe.

Inu amene muli ndi ma module ofuna database, mumalekanitsa bwanji zoyenda pa kompyuta ya woika ndi zoyenda kwa inu nokha musanatulutse?