Kodi myelin ikawonongeka imabwereranso? Ndithandizeni nzeru

Abale anga pagulu pano, makamaka inu a zachipatala, ndikupempha malangizo. Mchemwali wanga anamupeza ndi multiple sclerosis. Adokotala akuti chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga myelin, mafuta amene amakuta mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana ngati pulasitiki yokuta waya wa magetsi. Mwendo wakumanzere umachita dzanzi, ndipo akasamba madzi otentha diso limodzi limaona mwachimbuuzi. Pano wina akutikakamiza kugula mapiritsi akuti amabwezeretsa myelin. Tigule kodi? Mtima ukundiwawa ndikamamuona akukoka mwendo.

Yankho 1: Pepani kwambiri achimwene. Thupi limakonza ndithu myelin, koma ntchitoyo ndi ya maselo otchedwa oligodendrocyte, ndipo limodzi limatha kukuta mitsempha yambiri. Ngakhale ubongo wa munthu wamkulu umasungabe maselo osakhwima oti alowe m'malo mwa amene afa. Kungoti sagwira okha. Maselo ena otchedwa microglia ayenera kuyamba achotsa zinyenyeswa za myelin yakale, apo ayi maselo atsopanowo sakhwima. Maselo enanso otchedwa astrocyte ndi amene amapereka cholesterol ndi ayironi zomangira, komabe ndi omwewonso amene amaumba chipsera cholimba pamalo ovulalawo, ndipo chipseracho chimatha kutsekereza kukonzako. Myelin yatsopano imatuluka yopyapyala, ndipo mphamvu yokonza imachepa munthu akamakula. Mapiritsi a m'botolo sangalongosole zonsezi. Musataye ndalama.

Yankho 2: Za disolo musachite nazo mantha. Mtsempha wopanda myelin umalephera kudutsitsa uthenga thupi likatentha, koma likazizira zimabwerera mwakale. Azisamba madzi ofunda pang'ono basi. Zikapitirira tsiku lathunthu, pamenepo athamangire kuchipatala.

Yankho 3: Ndiwonjezere. Mankhwala amene madokotala amapereka panopa amaletsa chitetezo kuti chisapitirize kuwononga, sabwezeretsa zomwe zinawonongeka kale. N'chifukwa chake kuyamba msanga n'kofunika. Kafukufuku wa mu 2017 anasonyeza kuti mankhwala otchedwa clemastine amafulumizitsa pang'ono uthenga mu mtsempha wa diso, koma phindu lake linali lochepa ndipo amagonetsa. Asamwe yekha. Apemphenso amuyeze vitamini B12, kuchepa kwake kumawononganso myelin.

Wofunsa: Zikomo nonse, mapiritsiwo sitigula. Nanga mwendowu, mafizo angauthandize, kapena akamachita mwamphamvu akhoza kudzipweteka?