Ndidule fringe pa tsitsi langa lenileni kapena ndisiye? Ndithandizeni maganizo

Mtsikana wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandizunguza mutu nde ndati ndifunse inu amene mumazitsata za tsitsi. Ndikufuna kudula fringe, ija yotsikira pamphumi mpaka mu nsidze, koma pa tsitsi langa lenileni osati pa wigi ayi. Tsitsi langa ndi lothira mankhwala, ndikaliwongola limafika m'mapewa, ndalisunga nthawi yaitali osalikhudza ndi sizasi. Vuto ndi loti kutsogoloku lathothoka chifukwa cha zoluka makamaka mbali ya kumanzere, nde ndikamangira kumbuyo pamaoneka poyera, komanso chipumi changa ndi chachikulu kuyambira kale, ku pulayimale ankandinena nacho mpaka pano zimandiwawabe ndikaona zithunzi zanga.

Akulu anga ali ndi chinkhoswe kumayambiriro kwa Disembala ndipo ine ndili nawo pagulu la ovina kutsogolo. Amayi akuti usayerekeze, tsitsi wavutika nalo chonchi ukalidule chifukwa cha tsiku limodzi? Anzanga ku ntchito ena akuti indikhala chifukwa nkhope yanga ndi yaitali, ena akuti ndizioneka ngati mwana. Ndimagwira mu shopu cha ku Ginnery Corner, ndimakwera minibasi, ndikachedwa kabaza. Amene munadulapo tandiuzeni zoona, kusamala kwake nkovuta bwanji? Nanga ikandikana zitenga nthawi yaitali bwanji kuti tsitsi libwerere mwakale?

Mayi wa saluni ku Limbe:

Achemwali, ine tsitsi la anthu ndimaligwira tsiku ndi tsiku nde ndikuuzani mosabisa. Nkhope yaitali fringe imaikhala, pamenepo anzanuwo sananame. Koma nkhawa yanga sili pa nkhope, ili pa tsitsilo ndi nyengo imene mwasankhayi.

Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, lathuli nthawi zambiri silikwanitsanso bwinobwino sentimitayo chifukwa kunsonga limaduka. Nde werengani nokha, kuchoka mu nsidze kukafika pachibwano ndi chaka chathunthu kapena kuposa, kuti likafike m'mapewa momwe lililimu onjezeraninso miyezi ina. Ndipo chowawa si kudikirako ayi, ndi miyezi ya pakatiyo pamene tsitsi latalika moti likulowa m'maso koma silikufika pomangira kumbuyo, mumangokhalira mapini, mukafuna kuluka woluka amavutika kuligwira nde amalikoka kwambiri kuti lisatuluke, malo omwewo omwe mukuti athothoka kale.

Kenako kutentha. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika mukudziwa momwe Blantyre amawotchera, mu minibasi anthu anayi pa mpando mawindo ena osatseguka. Thukuta limayambira pamphumi pomwepo, tsitsi latsopano lomera kunsi lija likanyowa limabwerera mwakale, fringe imadzuka nkuima m'malo mogona. Mukatero mumayamba kuipsereza ndi tonga m'mawa uliwonse, ndipo tsitsi lothira mankhwala ndi lofooka kale, mukaliwonjezera moto daily limasanduka lofiirira nkumaduka. Ndawaona atsikana ambiri akubwera Januwale fringe itatha yokha, yatsala timizere.

China chomwe ambiri sadziwa, fringe sitimaitenga m'mphepete mwa chipumi mokha, timagawa kuchokera pamwamba pa mutu, kagawo ka ngodya zitatu kosongoka kumbuyo, nkulitsitsira kutsogolo. Kuti ioneke yodzaza pamafunika tsitsi lambiri pamenepo. Ngati kumanzereko kwapepuka ndiye kuti mbali imodzi izioneka yowirira ina yoonekera mkati, kubisa komwe mukufunako osatheka.

Ine ndikanakhala inu, chinkhoswechi ndikanavala wigi ya fringe kapena kusoketsa mesh nkudula fringe pa meshiyo. Mu msika wa Limbe zilipo zambirimbiri, mukayese pagalasi pomwepo. Muyende nayo masabata angapo muone ngati tsitsi logunda m'maso mulipirira, pali anthu ena zimawanyansa tsiku loyamba lomwelo.

Namwali wa ku Bangwe:

Aaa amayi a saluni mwamuopseza mnzathuyu kwambiri. Zomwe mwanenazo ndi zoona sindikutsutsa, koma mbali inayo simunaitchule. Asisi ine ndinadula pa tsitsi langa ndipo mpaka lero ndili nayo, sindinadandaulepo. Nanenso chipumi ndili nacho ndipo ndikudziwa momwe zimakhalira kuti aliyense akamajambula iwe ukusakasaka pobisala. Tsiku lomwe ndinadula ndinayenda mu Limbe mutu uli m'mwamba, zimenezo wigi sinandipatsepo chifukwa wigi umangoganiza kuti yasuntha kapena anthu aona kuti si lako, nde kutentha kwa wigi mu Novembala muli kuvina abale, mutu umachita kuyabwa.

Za moto wa daily zo sizokakamiza. Ine tonga ndimagwiritsa ntchito ndikachapa mutu basi. Usiku ndimakulunga fringe pa rola imodzi yaikulu nkumanga duku loterera lija la satini, m'mawa ndikamasula imagona yokha mokhota bwino, ngakhale magetsi atazima palibe chondivuta. Pa kabaza ndimaikankhira m'mwamba ndi kapini ndisanavale chipewa, ndikatsika kuchotsa pini, kupesa ndi zala, basi zatheka. Mvula ndiye inde ndi mdani, ambulera musamaisiye.

Ndipo kwa ine m'mphepetemu munayamba kumera nditadula, chifukwa ndinasiya zomangira kumbuyo mokoka ndi jelo uja, ndinasiyanso zoluka zing'onozing'ono. Kungoti musadule yowongoka ngati mwaika rula, muuzeni akudulireni yopendekera mbali, yaitali, yoyambira kumanja kugwera kumanzere komwe kwathothokako. Imeneyo imabisa bwino ndipo ikakutopetsani miyezi iwiri itatu mwayamba kale kuipanira kuseri kwa khutu. Ndipo adule tsitsi lili louma, lowongola kale, ayambe motalikitsa, lonyowa limanamiza likauma limakwera m'mwamba.

Anti a ku Zingwangwa:

Mwana wanga, ine ndimagwira ntchito za chipatala nde za sitayilo ndiwasiyira anzangawa, ine ndikufuna tikambe za pothothokapo chifukwa mwangopadutsa ngati nkhani yaing'ono. Kuthothoka kobwera chifukwa chokoka tsitsi madokotala amakutcha traction alopecia, ndipo kwa amayi akuda ngati ife nkofala kwambiri chifukwa cha zoluka zothina, mesh yolemera ndi guluu wa mawigi. Kukadali koyambirira tsitsi limameranso mukangosiya kukoka. Koma mukapitiriza zaka ndi zaka timizu ta tsitsi timafa, pamatsala khungu losalala, pamenepo ngakhale mudzole mafuta a nsatsi botolo lonse palibe chomera.

Nde tengani galasi muime pawindo masana muyang'anitsitse. Mukaona titsitsi tating'ono tofewa ndiye kuti mizu ili moyo. Mukaona posalala ponyezimira, kapena pali tizilonda, kuyabwa, kapena pakukulirakulira ngakhale simukuluka, pitani mukaonane ndi a za khungu, ku Queens aliko. Nthawi zina si zoluka zokha, kuchepa kwa magazi nakonso kumathothola tsitsi, chimodzimodzi miyezi yotsatira munthu akabereka, komanso chipere.

Fringe payokha siyithothola tsitsi, koma ndikuopa kuti mukabisa muiwala kusamala. Ndipo mukumbukire ziphuphu. Mafuta olemera omwe timadzola kumutu aja, fringe ikamagona pamphumi tsiku lonse ndi thukuta amatseka timabowo ta pakhungu, tiziphuphu timatuluka mzere pamphumi ponse. Ngati khungu lanu ndi lamafuta kale muganizirepo, kapena kutsogoloko muzidzola pang'ono kwambiri ndipo mukafika kunyumba muziichotsa pankhope. Mankhwala owongolera aja musamathire pafupipafupi, padzidutsa masabata 8 kapena kuposa, athire pa tsitsi latsopano lokha, ndipo musaluke sabata yomwe mwathirayo. Woluka akamakoka mpaka nsidze kukwera m'mwamba muuzeni amasule, ndalama ndi zanu, mutu ndi wanu, kuwawa si chizindikiro choti zalukidwa bwino ayi.

Wojambula wa ku Ndirande:

Pepani ndalowerera nkhani ya azimayi, koma ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe nde ndili ndi kamodzi koti ndinene. Achemwali, kaya mudula lanu kaya wigi, fringe isapitirire nsidze. Ikatsika kwambiri imaponya mthunzi m'maso makamaka panja dzuwa lili pamutu, chithunzi chimatuluka maso osaoneka, ndipo povina munthu amangokhalira kuikankha ndi dzanja nde zithunzi zambiri dzanja lili pankhope. Pa chithunzi cha pasipoti naponso safuna tsitsi lophimba maso. Koma za chipumizo, kunena zoona ife pojambula sitiona chipumi, amene amavuta kujambula ndi munthu womangika yemwe sakumasuka ndi momwe akuonekera. Sankhani chomwe mukavine nacho momasuka.

Mtsikana wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha mwakuya chonchi. Anti ndachita zomwe munanena, ndayang'ana pawindo, titsitsi tating'ono tilipo ndithu ngakhale ndi tochepa, posalala palibe, mtima wakhalako m'malo. Zoluka ndayamba ndasiya kaye. Asisi a ku Bangwe mwandilimbitsa mtima, yopendekera mbaliyo sindinaiganizepo ndipo ndikuona ngati ndi imene ingandikhale, koma mantha a thukuta la Disembala andigwira, holo yake ndi ya malata ndipo tikavina kuyambira masana.

Nde maganizo anga pano ndi oti chinkhoswechi ndidutse ndi wigi, langali ndidzadule nyengo yozizira likakhala kuti lameranso. Amayi a saluni ndifunsenso, ndigule wigi yodula kale kapena ndigule yaitali mudzandidulire ili pamutu? Nanga ija ya pulasitiki yotchipa ingapirire tsiku lonse kapena ndidzimane ndigule ya tsitsi la munthu? Ndalama zake ndi zosiyana kwambiri ndipo tasonkha kale za nsalu ndi telala. Komanso guluu ndikumuopa ndi zomwe anena antiwa.

Mayi wa saluni ku Limbe:

Guluu muiwaleni achemwali, ubwino wa wigi ya fringe ndi womwewo, kutsogolo konse kumabisika nde sipafunika kumata chilichonse. Imagwira ndi lamba wa mkati ndi mapini awiri atatu kumbuyo ndi m'mbali. Tizipeso tija timakhala mkati mwa wigi kutsogolo mutichotse kapena musatilowetse, timakanda malo omwe mukufuna amerewo. Pansi pake mulukitse mizere ikuluikulu yopita kumbuyo, yosathina, titsitsi ta m'mphepete atisiye osatigwira.

Ya pulasitiki tsiku limodzi ipirira bwinobwino, bola musaiyandikize moto, tonga imaisungunula pokhapokha pa paketi atalemba kuti imalola kutentha. Kuipa kwake imanyezimira kwambiri pa dzuwa ndipo kumbuyo kwa khosi imapotana ikakhala yaitali, nde tengani yaifupi yofika m'khosi, siitenthanso kwambiri. Kunyezimirako kumachepa mukaiwaza paudala pang'ono nkuikutumula. Ya tsitsi la munthu ndi yabwino ngati mukufuna kuivala mpaka chaka chamawa, koma musalowe ngongole chifukwa cha iyo, ndipo mu msikamu zambiri zomwe amati ndi za munthu ndi zosakaniza, mupite ndi munthu wozidziwa.

Gulani yomwe fringe yake ndi yaitali, yodula kale ija anayezera chidole osati chipumi chanu. Mupite nayo ku saluni kwanu konko ku Chilomoni akaidule ili pamutu panu, mutakhala mowongoka maso kutsogolo, adule pang'onopang'ono sizasi italoza m'mwamba kuti kunsonga kusaoneke ngati kwadulidwa ndi mpeni. Muwauze za yopendekera ija anena a ku Bangwe, muione kaye pa wigipo. Ndipo izi muchite kudakali sabata ziwiri, osati m'mawa wa chinkhoswe saluni itadzaza aliyense akuthamanga.

Namwali wa ku Bangwe:

Chabwino ndagonja pa za Disembala, holo ya malata ndiye ayi. Koma asisi Meyi akafika mudzadule ndithu lanulo, nthawi imeneyo thukuta kulibe, chovuta ndi kamvula ka chiperoni kokha ka mu Juni ndi Julayi, muzidzayenda ndi kampango m'chikwama. Rola mugule yaikulu, ting'onoting'ono timapinda fringe mpaka kukwera pakati pa chipumi. Ndipo amayi anuwo muwaonetse kaye pa wigipo, mwina akaona momwe yakukhalirani adzasiya kukaniza.