Tochi ya mabatire awiri: LED ikuwala mozilala

aPhiri, Chinkhoma: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pabenchi pali tochi yachitsulo ya mlonda, ya mabatire awiri akuluakulu a R20. Babu yake ya PR2 inapsa. Ndaphwanya galasi la babuyo n'kuwotcherera LED (kababu kopanda filamenti) yoyera ya 5mm m'kachitsulo kake. Poyamba sinayake, nditatembenuza miyendo yayaka, koma mozilala, ndipo kuwala sikukufika patali. Vuto lili pati?

aBanda, Santhe: Kusayaka koyambako ndi miyendo, achimwene. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mwendo wautali ndi pulasi, upite pakadontho ka pansi kamene kamagunda mutu wa batire. Waufupi ugwire khoma la kachitsulo. Kuzilalako ndi mabatire. LED yoyera imafuna 3.0V mpaka 3.3V. Mabatire awiri ongotuluka m'pepala amapereka pafupifupi 3.2V, koma akangogwirako ntchito n'kutsikira ku 2.6V, LED imangonyezimira ngati chiphaniphani. Babu ya filamenti inkapitirizabe kuyaka ngakhale mofiirira, LED siitero.

aMwale, Nkhamenya: Bwanji osangoika batire imodzi ya 18650 yochotsa mu laputopu? Nkhani yatha.

aBanda: Ikadzaza imakhala pa 4.2V, aMwale. Popanda resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, LED ya 5mm ipsa musanatseke chivundikiro. Ndi resistor ya 47 ohm ikhoza kupirira, koma mlondayo azichajira kuti? Komanso 18650 ndi yowonda, izigwedera m'kati.

Mayi Nkhoma, Kasungu boma: Mabatire akhale omwewo, aPhiri, koma muwonjezere kachipangizo kokweza magetsi a mabatire ofooka kamene amati joule thief. Chotsani kamphete kokulungapo mawaya ka ferrite mu babu ya energy saver yakufa. Tengani mawaya awiri owonda a kopa okutidwa vanishi, muwakulunge limodzi pakampheteko maulendo 20. Chiyambi cha waya woyamba muchilumikize ndi mapeto a wachiwiri, mfundo imeneyo ipite ku pulasi. Nsonga imodzi yotsala idutse pa resistor ya 1k (1,000 ohm) kupita ku base ya transistor, kachipangizo ka miyendo itatu: emitter (E), base (B) ndi collector (C). Inayo ipite ku collector pamodzi ndi mwendo wautali wa LED. Emitter ndi mwendo waufupi zipite ku mainasi, yomwe pa tochi yachitsulo ndi thupi lake.

Palani vanishi kunsonga ndi lezala mpaka kopa aoneke mbee, apo ayi solda wowotcherera sagwira. Ikakana kuwala bwino, mwasokoneza chiyambi ndi mapeto, tembenuzani nsonga za waya mmodzi yekha. Transistor ndikonda S8050 chifukwa imapirira magetsi ambiri kuposa BC547, yomwe malire ake ndi 100mA. Samalani miyendo: mukayang'ana mbali yake yophwatalala miyendo italoza pansi, kuyambira kumanzere S8050 ndi E, B, C, pamene BC547 ndi C, B, E. Ambiri amapsetsa transistor pamenepa.

aBanda: Zoona, mayi, kungoti 1k imayenera pa batire imodzi. Pa awiri imakankha kwambiri, LED imayamba kutentha n'kusanduka yabuluu. Ikani 2.2k, kapena ma LED atatu olumikizidwa pulasi kwa pulasi agawane katundu.

aMwale: Za kusafika patali palibe wanena. Filamenti imawalira mbali zonse, ndiye kambale konyezimira kaja kamasonkhanitsa kuwalako n'kukuponya kutsogolo. LED ya 5mm imaloza kutsogolo kokha, kambale kamangokhala. Pezani LED yaifupi yamutu wotambalala, kapena palani mutu wa imeneyo ndi sandipepa wosalala mpaka uphwatalale, osafika pakachitsulo ka m'kati. Ikhale pautali womwe panali filamenti. Yesani kukhoma usiku, mukuikweza ndi kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka bwalo lakuda la pakati litseke, kenako muthire guluu.

aPhiri: Ndayeza ndi mita tochi ili choyaka. Pamabatire pali 3.1V, koma pa miyendo ya LED pakufika 2.7V.

Mayi Nkhoma: Ndiye 0.4V ikutayika panjira. Yang'anani sipuling'i ya kumbuyo ndi kalilime ka switchi. Mabatire otsika mtengo akatayikira amasiya zoyera ndi dzimbiri pamenepo. Palani mpaka chitsulo chiwale, muyezenso musanakulunge kamphete.

aPhiri: Sipuling'i inali yadzimbiri ndithu. Ndapala, pakufika 3.0V tsopano ndipo yawala bwino. Kamphete ndikulungabe, kuti mabatire akatsika mlondayo asamawataye akadali ndi moto.