Chiliza cha agogo ndi nkhani ya mbuzi

Amalume: Mwadzuka bwanji nonse. Mmisiri wa ku Dedza akufuna mawu olemba pachiliza pofika Lachitatu. Tsiku lotsegulira lija silinasinthe, Loweruka la Pasaka. Vesi tiike iti?

Mayi aakulu: Yesaya 53:5, achimwene. Buku Lopatulika la amayi lili ndi ine pano. Tsamba limenelo linachita kuda ndi zala zawo, ngodya yake anamata ndi selotepi. Ku Chigwirizano akawapatsa mpata, nkhani inali yomweyo: analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu.

Achimwene ku Joni: Ndavomereza. Gawo langa nditumiza Lolemba. Koma pandandanda ndaonapo mbuzi ziwiri. Yachiwiriyo ndi ya chiyani?

Chisomo: Pepani, ndinalemba ndine. Ena kumudzi anati imodzi ikaphedwere kumanda, magazi agwere pansi, kuti agogo agone mumtendere ndipo ngati tinawalakwira atikhululukire. Ine ndinaopa kukana.

Amalume: Wachita bwino kunena, Chisomo. Mbuzi tipha, koma yandiwo, kuseri kwa khitchini. Zothira magazi kumanda ayi. Mayi athu anamwalira akudziwa kuti mlandu wawo unatha pamtanda. Tawerengani Levitiko 16. Pa tsiku la chitetezo ankatenga mbuzi ziwiri. Ina ankaipha, magazi ake mkulu wa ansembe nkulowa nawo kumalo opatulikitsa. Inayo ankaisanjika manja onse awiri pamutu, nkuululirapo machimo a Aisraele, kenaka nkuitumiza kuchipululu. Chaka chamawa, abwerezenso. Ahebri 10:4 akunena poyera kuti magazi a ng'ombe ndi mbuzi sangachotse machimo. Yesu anadzipereka kamodzi basi.

Madalitso: Amalume, mundikhululukire, funso ili landisautsa kuyambira ndili m'kalasi ya ubatizo. Wolakwa ndine, wolangidwa wina. Baraba wopha munthu amasulidwa, wosalakwa apachikidwa. Chilungamo chili pati?

Mayi aang'ono: Mada mwanawe, ukukumbukira chaka chija unatentha tchire posaka mbewa? Moto unakafika pankhokwe ya aneba, chimanga chonse phulusa lokhalokha. Kubwalo kwa amfumu unaimapo iwe?

Madalitso: Ayi amayi. Anaimapo amalume.

Mayi aang'ono: Anavula chipewa, nkuti mlanduwu ndi wanga. Anatulutsa mbuzi m'khola mwawo ndi matumba a chimanga chawo chomwe. Iwe unali utabisala kuseri kwa bafa, ukunjenjemera. Eni nkhokwe sanaponderezedwe, analipidwa. Ndipo palibe anawakakamiza amalume ako.

Amalume: Koma zanga zinali mbuzi chabe, Iye anapereka moyo. Pa Yohane 10:18 akunena yekha kuti palibe wom'landa moyowo, akuutaya mwini wake. Ndiye pa 2 Akorinto 5:19, Mulungu anali mwa Khristu. Sanakagwire munthu wodutsa m'njira kuti atilipirire. Wolakwiridwa yemweyo ndiye anasenza mlandu. Pamenepo ine misozi imalengeza mpaka lero.

Madalitso: Ndamva. Zina ndidzafunsabe tikadzakhala pakhonde.

Mayi aakulu: Udzafunse ndithu. Ndipo vesiyo kumanda udzawerenge ndiwe, m'buku la agogo ako lomweli.

Chisomo: Nanga aja ananena za magazi ndikawayankhe bwanji? Ndi akuluakulu, sindikufuna aoneke onyozedwa.

Amalume: Usawayankhe iwe. Ndipita ndekha Loweruka lino, ndikakhala nawo pansi. Nawonso amawakonda mayi athu. Abusa ndawauza kale, adzayamba pemphero 9 koloko.

Achimwene ku Joni: Ndiye ndalama ya mbuzi inayo igule mpunga ndi mafuta. Ine ndifika Lachinayi usiku kuti mapemphero a Lachisanu Loyera ndidzachitire kwathu.

Chisomo: Chabwino, ndakonza ndandanda. Amayi aakulu, tajambulani tsamba lija mutumize, mmisiri asalakwitse kalembedwe.