Maselo a RasV12 sakutuluka mu MDCK, thandizani

Woyambitsa: Akuluakulu, ndatopa nazo. Ndasakaniza MDCK wamba (maselo a impso ya galu) ndi a RasV12 (okhala ndi jini yoyambitsa khansa) pa 50:1, tetracycline woyatsira Ras ndathira, GFP (chizindikiro chobiriwira cha a Ras) ikuwala bwinobwino, koma a Ras sakukankhidwira pamwamba. Angoti phee m'timagulu, ena akulowera pansi mu collagen yomwe ndinawadzalapo. Abwana akufuna zithunzi za EDAC (maselo abwinobwino akutulutsa a khansa) sabata ino. Vuto lili pati?

Wa mafiriji: Mycoplasma (tizilombo towononga maselo a m'mbale) mwayeza?

Wa confocal: Tetracycline munathira liti, achimwene? Monolayer (mkeka wa maselo) iyambe yadzaza, maselo agwirane ndithu. Mukafulumira, a Ras amagawikana n'kuunjikana, ndipo selo lozunguliridwa ndi a Ras anzake silituluka. Gulu la Fujita linaonetsa zimenezi mu 2009: kuti atuluke pamafunika oyandikana nawo abwinobwino. Seramu muiwonenso. Seramu ina ya FBS imabwera ndi tetracycline kale, ndiye Ras imayaka musanaiuze.

Woyambitsa: Seramu ndi ya tet-free, yopanda tetracycline. Koma zodzazazo sindikutsimikiza, m'mbali munali mipata.

Wa mafiriji: Mipata ndi mipata, koma yezani mycoplasma. PCR yake ndi ya tsiku limodzi.

Mayi wa histology: Mwandikumbutsa labu ina yomwe ndinagwirako. Tinasintha collagen, tinasintha seramu, mpaka kukangana ndi ogulitsa ma antibody. Kumapeto tinapeza kuti mnyamata wathu ankachotsa msanga trypsin, yolekanitsa maselo ija. MDCK imamatirana zedi, ndiye ankadzala zibuma zokhazokha, 50:1 yake inali ya papepala. Muziyang'ana pa hemocytometer (chowerengera maselo) musanadzale.

Wa mbewa: Ine chenjezo basi. Ngakhale atuluke, musalembe kuti mwapeza mankhwala a khansa. Mu 2019 gulu la Halder linaonetsa kuti kuyatsa YAP (puloteni yolimbikitsa kukula) m'maselo a chiwindi ozungulira chotupa kumachifooketsa chotupacho m'mbewa. Koma YAP yomweyo ikakwera mkati mwa chotupa ndiyo imachikulitsa. Mpikisano wa maselo ulibe mbali: kuyambira 2004 tikudziwa kuchokera ku Drosophila (ntchentche za zipatso) kuti maselo okhala ndi puloteni ya Myc yambiri amapha anzawo abwinobwino. Ndiponso m'mbewa zodya mafuta ambiri, a RasV12 samatuluka bwino. Mbale ya pulasitiki si thupi.

Wa confocal: Zoona, koma munthuyu akufunsa za mbale yake, osati za odwala.

Mayi wa histology: Olowera pansiwo musawataye ayi. Ajambuleni z-stack (zithunzi zosanjikiza) ndi phalloidin (utoto woonetsa actin, chigoba cha selo), mwina nkhani yabwino ili pamenepo.

Wa mafiriji: Jambulani, inde. Koma mycoplasma ija mwayeza?